Wotchi yowerenga makalori ija ndaivala miyezi 6, nayi nkhani yake

Amayi anzanga amene timayenda limodzi m'mawa kuno ku Chitakale, ku Mulanje, akhala akundivutitsa kuti ndinene zoona za wotchi ndavalayi, agule kapena asagule, nde lero ndati ndilembe kamodzi n'kamodzi aliyense adziwerengere yekha, chifukwa kufotokoza uku mukukwera chitunda mpweya umathera panjira kkkk.

Ndinaigula mu February ku Limbe, mu kashopu kena ka zamafoni. Musandifunse dzina lake chifukwa ilibe dzina lenileni, pa bokosi pali zilembo ziwiri ndi manambala basi, ndi zomwe zija zadzadza m'mashopu zakuda zokhala ndi lamba wa labala. Mnyamata wogulitsayo anandiuza kuti mayi iyi ndi dokotala wa pamkono, mukangovala mafuta ayamba kusungunuka okha. Ine ndinaseka koma ndalama ndinatulutsa ndithu. Imawerenga masitepe, kugunda kwa mtima, tulo, komanso makalori (muyezo wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya) amene akuti mwawotcha, ndipo imabwera ndi app yake yoika mu foni momwe mumalembamo zomwe mwadya, iyo n'kumakuuzani kuti lero mwatsala ndi makalori angati.

Chomwe chinandikankha kuti ndigule ndi sikelo ya kuchipatala. Ndinapita kukayezetsa BP mu January, anandikweza pa sikelo, 84 kg. Ine msinkhu wanga ndi 160 cm, zaka 38, ana atatu, ntchito yanga ndi ya mu ofesi yokhala pampando kuyambira 7:30 mpaka 4:30. Anesi anawerengera BMI, nambala yoyerekeza kulemera ndi msinkhu, n'kupeza pafupifupi 33, akuti kuyambira 25 thupi lapitirira muyezo ndipo kuyambira 30 ndiye kunenepa kumene kumaitana matenda. BP nayo inali itayamba kusuzumira mmwamba. Mawondo ndiye osanena, kungokwera kachitunda kopita kutchalitchi ndimafika ndili wefuwefu ngati ndathamangitsidwa ndi galu.

Ndiyambe ndi zabwino zake kuti musati ndabwera kudzanyoza. Batire imakhala masiku 5 kapena 6, zomwe kwa ife amene magetsi amabwera ngati mlendo ndi nkhani yaikulu. Mvula siiopa, ndayenda nayo mu chiperoni cha June chija chonyowetsa mpaka mafupa, ndachapa nayo, ikugwirabe. Kugunda kwa mtima imayesetsa, ndinaiyesa poika zala pamkono ndikuwerenga kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa ka 4, zimasiyana pang'ono chabe ndikakhala phee, koma ndikatuluka thukuta imayamba kubwebweta. Ndipo chinthu chimodzi chomwe sindingaikanire, imakudzutsa ulesi. Ukaona madzulo kuti wayenda masitepe 3,000 okha tsiku lonse umachita manyazi wekha, umapezeka ukuzungulira nyumba ngati wataya kiyi.

Tsopano vuto lake lili pa nambala ya makalori, ndipo ndi pamenepa pomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ndi pomwe ndinatayira masabata 6 a moyo wanga.

Tsiku loyamba app inandifunsa kulemera, msinkhu, zaka, kenako inafunsa kuti ndine munthu wotakataka bwanji. Ine poti ndinali nditatsimikiza mtima kuti ndiziyenda m'mawa uliwonse ndinasankha kuti ndine wotakataka kwambiri. Inandipatsa makalori 1,900 patsiku kuti ndiziwonda. Chabwino. Koma kenako ndikayenda m'mawa m'misewu ya m'minda ya tiyi muja, makilomita 5, wotchi imati ndawotcha 520, app n'kutenga 520 uja kuphatikiza pa 1,900, basi ndi chilembo chobiriwira chokongola, lero mutha kudya 2,420. Ine osadziwa kuti yandiwerengera kuyenda komweko kawiri, koyamba pamene ndinati ndine wotakataka, kachiwiri pamene wotchi yatumiza nambala yake. Ndiye ndinkadya ndi mtima woyera, ndikumati ndagwirira ntchito, mandasi awiri pa 10 koloko ndi malipiro anga.

Komanso wotchiyi siidziwa kusiyanitsa mwendo ndi mkono. Tsiku lina ndinakwera kabaza wa njinga yamoto pa msewu wafumbi wa mabampu, nditatsika ndinapeza yandipatsa masitepe oposa 1,000 ndili chikhalire kumbuyo kwa mnyamata wa eni. Kuvundula nsima ya banja la anthu 6, mthiko ukuzungulira, masitepe akukwera. Kuchapa pamanja ndiye chikondwerero, Loweruka lina inandiyamikira kuti ndakwanitsa cholinga cha tsikulo ndisanatuluke n'komwe pageti. Inde kuchapa ndi ntchito, sindikukana, msana umadziwa, koma si makilomita 6 ayi.

Choseketsa kwambiri chinali cha ku Dziwe la Nkhalamba. Tinapita ndi anzanga Loweruka lina mu March, galimoto mpaka ku Likhubula kenako wapansi kukwera mpaka pa mathithi paja, kupuma, kujambulitsa, kubwerera. Wotchi inati 1,150. Ine mtima unangoti myaa, pobwerera ndinaima pa chiwaya, tchipisi cha mbale yodzadza ndi kanyenya pambali, botolo la zoziziritsa kukhosi, kunyumba madzulo nsima monga mwa nthawi zonse. Ndinagona ndikudziona ngati mmodzi wa anyamata othamanga mu Porters Race aja, amene amakwera phiri n'kutsika ife tisanamalize kumwa tiyi. Kutha kwa March ndinakwera sikelo, 84.5. Ndinatsika, ndinavula nsapato ndi juzi, ndinakweranso, 84 ndendende. Masabata 6 odzuka 5 koloko, mxii.

Amene anandimasula maso ndi mlamu wanga, mkazi wa achimwene, ndi namwino ndipo za zakudya anaziphunzirako. Ndinamudandaulira pa Isitala titakumana kumudzi, iye anatenga foni yanga n'kuyang'ana, anaseka mpaka misozi, akuti alamu mwakhala mukudya ngongole. Anandiuza kuti mawotchi amenewa ngakhale odula aja nambala ya makalori amangoyerekeza. Mu 2017 ofufuza a ku Stanford University ku America anayesa zida 7 zovala pamkono, anapeza kuti kugunda kwa mtima zambiri zimayeza bwino, koma pa makalori ngakhale yomwe inachita bwino kuposa zonse inaphonya ndi 27 peresenti, yoipitsitsa ndi 93 peresenti. Tsono ngati za makampani otchuka zinkaphonya choncho, nanji yanga yopanda dzina ya ku Limbe.

Ndiye tinakhala pakhonde ndi pepala ndi bolopeni n'kuwerengera patokha, ndipo ndikulemberani apa chifukwa masamu ake ndi a Sitandade 6, simufunika wotchi kapena bandulo. Pali njira ina imene akatswiri a zakudya amagwiritsa ntchito kwambiri, imatchedwa Mifflin-St Jeor, inatuluka mu 1990. Mumatenga kulemera kwanu mu makilogalamu kuchulukitsa ka 10, kuphatikiza msinkhu wanu mu masentimita wochulukitsa ka 6.25, kuchotsapo zaka zanu zochulukitsa ka 5, kenako ngati ndinu mayi mumachotsanso 161, ngati ndinu bambo mumaonjezera 5. Ine zinatuluka chonchi, 840 kuphatikiza 1,000 kuchotsa 190 kuchotsanso 161, yankho 1,489. Amenewo ndi makalori omwe thupi langa limadya ngakhale nditagona tsiku lonse osatembenuka, ongoyendetsera mtima, mapapo, ubongo ndi kutenthetsa thupi. Ine ndinadabwa, ndinkaganiza kuti zambiri zimapita ndi kuyenda, kumachita kuti gawo lalikulu limapita uli gone.

Kenako nambala imeneyo mumaichulukitsa malinga ndi mmene tsiku lanu limayendera. Wongokhala pampando ndi 1.2, wochita masewera pang'ono ndi 1.375, wochita mwamphamvu masiku ambiri pa sabata ndi 1.55, ndipo 1.725 ndi ya anthu a ntchito yakalavulagaga. Apa ndi pomwe ambirife timadzinamiza. Amayi othyola tiyi aja, dengu kumsana kuyambira m'mawa kukwera ndi kutsika m'mizere, kapena anyamata a kabaza wopalasa onyamula matumba a chimanga, amenewo ndiwo a manambala a pamwambawo. Ine woyenda ola limodzi m'mawa kenako maola 9 pampando, mlamu anati 1.375 ndipo ndikukukomerani mtima. 1,489 kuchulukitsa 1.375 ndi pafupifupi 2,050. Kutanthauza kuti ndikamadya 2,050 patsiku ndikhala pomwepo pa 84, osakwera osatsika, ndipo kuyenda kwa m'mawa kuli kale mkati mwa nambala imeneyo. App ija inkandiuza 2,420. Mwayi wake kuti sindinafike 90.

Kuti uwonde umachotsapo pang'ono. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, ndiye ukamapereweza 500 patsiku pa sabata ndi 3,500, pafupifupi theka la kilo. Tinagwirizana 1,600 patsiku, nambala imodzi yosasinthasintha, ndayenda kapena sindinayende, wotchi inene zomwe ikufuna. Ine ndi changu changa ndinati bwanji 1,000 kuti zithe msanga, mlamu anakana kwamtuwagalu, akuti mayi asamatsike pansi pa 1,200 ndipo bambo pansi pa 1,500 popanda achipatala kumuyang'anira, apo ayi uyamba chizungulire, kukwiya ndi ana popanda chifukwa, minofu n'kumatha m'malo mwa mafuta, kenako tsiku lina usiku udzapezeka uli pa m'phika wa mkute. Ananenanso, ndipo ndikubwereza apa poti m'gulu lathu alimo otere, kuti woyembekezera, woyamwitsa, wa matenda a shuga amene akumwa mankhwala kapena kubaya insulini, kapena aliyense amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, asayambe kudula chakudya asanalankhule ndi achipatala.

Za kuyenda kuja anandipatsa kawerengedwe kachidule. Kuyenda pamalo athyathyathya kumaonjezera pafupifupi theka la kalori pa kilo iliyonse ya thupi lako pa kilomita iliyonse, pamwamba pa zomwe ukanawotcha utangokhala. Ine 84 kg, makilomita 5, ndi 210 chabe. Kukwera chitunda kumaonjezerako, kuthamanga ndiye pafupifupi kawiri. Koma 210 ameneyo ndi kachikho ka mtedza wokazinga, kapena mandasi amodzi aakulu a mafuta aja. Wotchi inkati 520. Ola lathunthu la thukuta limatha kubwezedwa ndi mphindi ziwiri pa geti ya ofesi pomwe amayi a mandasi amakhala, zowawa koma ndi momwemo.

Vuto lachiwiri la app imeneyi ndi loti chakudya chathu siichidziwa. Lembani nsima, palibe. Lembani thobwa, chigumu, zitumbuwa, kalongonda, makaka, futali, nkhwani wotendera, palibe olo chimodzi. Ili ndi ma pizza a mitundu kaya ingati ndi zakudya zina zoti sindinazionepo chibadwire. Ndinkangosankha kaphala kena ka chimanga ka azungu kamene kanali pafupi, n'kulemba kapu imodzi, iyo n'kundipatsa nambala yochepa yosangalatsa. Chikhalirecho dziko lathu lili ndi buku lakelake la zomwe zili m'zakudya zathu, Malawian Food Composition Table, linatuluka mu 2019, koma opanga app anga sanalionepo n'komwe.

Nde apa ndi pomwe panalowa chinthu chomwe ndikufuna kuchiyamikira kuposa wotchi, kasikelo ka kukhitchini ka batire, kamene mtengo wake sunafike ngakhale theka la wotchi. Mlamu anati musavutike kuyeza nsima yophika chifukwa ina imakhala yolimba ina yofewa, madzi alibe kalori, yezani ufa. Ufa wa chimanga magalamu 100 ndi makalori pafupifupi 360, woyera kapena mgaiwa sizisiyana kwenikweni, kungoti mgaiwa uli ndi gaga ndiye umakhalitsa m'mimba. Ndinayeza ufa wonse wolowa mu m'phika wa madzulo, wa phala loyambira ndi wothira povundula, unakwana magalamu 600, ndipo chipande changa chinaomola mitanda 8. Ndiye mtanda umodzi ndi ufa wa magalamu 75, makalori 270. Ine ndinkadya iwiri masana, itatu madzulo. Werengani nokha, 1,350 nsima yokhayokha, ndiwo tisanazikhudze. Ndinakhala pansi pa mpando wa kukhitchini ndikuyang'ana m'phika ngati wandilakwira.

Tiyi nayenso. Ife a kuno tiyi ndi madzi akumwa, timadzuka tikumuona pawindo. Tiyi payekha alibe kanthu, koma ine ndinkathira masupuni atatu odzadza mpaka phiri, nditayeza anali magalamu 24, ndipo shuga galamu imodzi ndi makalori 4, ndiye 96 pa kapu, makapu atatu patsiku pafupifupi 290. Kuposa kuyenda konse kwa m'mawa kuja. Mafuta ophikira ndiye mfumu ya zonse, galamu imodzi ndi makalori 9, supuni yaikulu imodzi pafupifupi 120, ndipo ine sindinkayeza, ndinkangopendeketsa botolo mpaka anyezi asambire. Mapeyala athu akuluakulu aja, amene nthawi yake ikafika timangotola pansi, magalamu 100 ndi 160, ndinayeza limodzi nditachotsa nthanga ndi khungu linakwana 250, ndiye 400 peyala limodzi, ndipo ine ndinkalidya ngati chotsukira mkamwa ndikumati ndi chipatso. Mtedza magalamu 100 ndi pafupifupi 570, makademiya a ku Thyolo aja amapitirira 700. Sindikuti ndi zoipa, mafuta ake ndi abwino, koma zimalowa mu 1,600 momwemo. Chomwe chinandisangalatsa ndi chinanazi, magalamu 100 ndi 50 yokha, nthochi imodzi yapakatikati pafupifupi 100, dzira lowiritsa silifika 80, masamba ndiye mutha kudzadza mbale osadandaula bola nsinjiro ndi mafuta muzigwire dzanja.

Kuyambira April mpaka pano tsiku langa limayenda motere, ngakhale si masiku onse, maliro ndi zinkhoswe ziliko. M'mawa ndikabwera koyenda tiyi wa supuni imodzi yosadzadza, mbatata yowiritsa kapena chinangwa pang'ono, ndi dzira. Masana mtanda umodzi, nyemba kapena nandolo, masamba ambiri. Madzulo mtanda umodzi kapena umodzi ndi theka, usipa kapena matemba kapena kankhuku, masamba kachiwiri. Njala ya 10 koloko ndimaipha ndi nthochi. Nsima sindinasiye ndipo sindidzasiya, amene amati siyani nsima muzidya saladi akanene kwawo. Magulu 6 a zakudya aja amene amatiphunzitsa ku sikelo ya ana, zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta, onse alipo, ndangosintha kukula kwa milu pa mbale. Nandolo wa chaka chino wandithandiza kwambiri, ukadya wamuwisi uja wophika ndi tomato umakhuta mpaka madzulo. Mlamu anaumirira pa nyemba, mazira ndi nsomba kuti pamene thupi likutsika minofu isapite nawo, komanso anati kawiri pa sabata ndizichita zolimbitsa minofu. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azichita masewera a mphamvu yapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi zolimbitsa minofu masiku awiri. Ine jimu ndilibe, ndimanyamula zigubu ziwiri za malita 5 ndikumakhala n'kudzuka pampando, ana amandiseka koma zikugwira.

App ija nditaikonza, ndinapeza kuti mkatikati mwa zosintha muli kabatani kothimitsa kuti isamaphatikize makalori a wotchi pa chakudya. Anakabisa kutali, ndinachita kufufuza ndi mwana wanga wa Fomu 3. Muli malo olembamo chakudya chako, ndiye ndinalemba ndekha, mtanda wa nsima 270, tiyi wanga, mbale ya nyemba, zonse. Zinanditengera madzulo awiri. Zitatero inayamba kukhala yothandiza, koma kunena zoona kope la 40 peji likanagwira ntchito yomweyo, ndipo kope silikuonetsa malonda a mankhwala owondetsa pakati pa kulemba, zomwe app imeneyi imachita mpaka kutopetsa, n'kumadya bandulo yako pamwamba.

Zotsatira. April ndinatsika 2 kg, ndinavina. May 1.5. June sikelo inaima masabata atatu osasuntha, ndipo ndi nthawi yomweyo ya chiperoni, kunja kuli mdima ndi kamvula kosatha kaja, phiri osaoneka n'komwe, bulangete likukukoka. Ndinatsala pang'ono kusiya. Mlamu pa foni anati musamakwere sikelo tsiku lililonse ngati mukugulitsa nandolo, thupi limasunga madzi, makamaka ife amayi masiku oyandikira kumwezi, kapena mukadya za mchere wambiri dzulo lake, kilo imodzi kapena iwiri imatha kubwera n'kupita popanda mafuta kusintha. Anati kwerani kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m'mawa musanadye, ndipo muziyezanso chiuno ndi tepi ya telala. Zoonadi chiuno chinali chikutsika ngakhale sikelo inali itakwiya. Pano tili mu August ndili pa 77. Sizothamanga, ena pa Facebook amalemba zoti 10 kg mwezi umodzi ndi tiyi wina wake wodula, ine zanga ndi 7 kg miyezi inayi ndi theka ndipo BP pomaliza kuyeza anesi anagwedeza mutu movomereza.

China chomwe app siinandiuze koma pepala linandiuza, thupi likachepa nambala nayo imachepa. Pa 77 kg masamu aja akutuluka 1,419, kuchulukitsa 1.375 ndi pafupifupi 1,950, ndiye 1,600 yemwe uja tsopano akupereweza 350 osati 450. N'chifukwa chake kutsika kumachedwa ukamapita. Ine sindinadulenso chakudya, ndaonjezera kilomita imodzi ndi kachitunda kena m'njira, chifukwa kudya pansi pa apa ndiye ntchito ya mu ofesi ndiziyamba kusokoneza manambala a eni.

Chovuta chimene palibe wotchi ingakuthandize ndi anthu. Kwathu kuno munthu akanenepa timati akudya bwino, banja likumuyanja, akawonda mafunso amayamba. Apongozi anga anandiitanira kuseri n'kundifunsa motsitsa mawu kuti mayi a uje, kodi muli bwinobwino, mwakayezetsa? Anzanga a kumpingo ena anayamba kufunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Bambo a kunyumba poyamba ankati sikelo pa khitchini ndi zachizungu, mukufuna kutiyeza ndi ife tomwe, pano ndi omwe amandikumbutsa kuti mafutawo mwapyola. Ndipo ukapita kumudzi sungatulutse sikelo pa mphasa, ndi mwano, amayi akuomolera mitanda itatu ndi nkhuku yomwe akuphera iweyo. Ndimadya, ndimathokoza, mawa lake ndimabwerera pa 1,600 wanga, sindisala kudya kuti ndilipire. Tsiku limodzi silinandibwezerepo pa 84.

Ndiye mugule kapena ayi? Ngati mukufuna chokukumbutsani kuyenda, chokuonetsani nthawi ndi mauthenga a WhatsApp pamkono, ndipo ndalama yake siikupwetekani, gulani, pa zimenezo ndiipatsa 3 pa 5. Ngati mukugula kuti izikuuzani kuchuluka kwa chakudya choti mudye, pamenepo ndiipatsa 1, ndipo 1 ameneyo ndi wa batire. Foni zambiri zili kale ndi zowerengera masitepe zaulere ukaiika m'thumba, ndipo m'thumba siiwerenga mthiko. Kasikelo ka kukhitchini ndikapatsa 4 ndi theka, theka ndachotsa chifukwa kamazima kokha msanga ukuthirabe ufa, ndipo kabatire kake kozungulira ngati ndalama yachitsulo kuno n'kosowa, ndinachita kuitanitsa kwa munthu wopita ku Limbe. Mukamagula onani kuti kali ndi batani lobwezera pa 0 mutaikapo mbale, ndipo yesani pomwepo mu shopu ndi paketi ya shuga ya 1 kg, kanga kanaonetsa 1,004 ndi pepala lomwe.

Simufunika kuyeza moyo wanu wonse. Ine ndinayeza kwambiri mwezi woyamba, pano maso anazolowera, ndikaona mtanda ndimadziwa ngati chipande chapyola, sikelo ndimaitulutsa ndikagula chinthu chachilendo kapena ndikaona kuti dzanja layambanso kulemera pa botolo la mafuta. Wotchi ndikuvalabe, lamba wake wayamba kung'ambika pa kabowo kachitatu, ndipo m'mawa uno ndili pa kabaza kupita ku msika wa Lachiwiri yandiyamikiranso kuti ndawotcha 300. Amayi a gulu, mawa ndi 5:15 pa malo athu omwe aja, amene ali ndi tepi ya telala abwere nayo, yanga mwana wadulira kaiti.